Zikomo inu amene mwaphunzitsa mwana wanga ntchito

Mwana wanga wamwamuna ali ndi autism. Atalemba mayeso a Sitandade 8, sukulu inathera pomwepo, ndipo miyezi inkangodutsa ali khale pakhonde. Ena ankanong'onezana kuti analodzedwa.

Ndikuthokoza bambo wina wopala matabwa ku Ndirande, amene safuna kutchulidwa dzina. Anamulandira osafunsa satifiketi. Ataona kuti makina ochekera akalira mwanayo amatseka makutu n'kuyamba kunjenjemera, anamusamutsira kuseri kwa shedi n'kumupatsa ntchito ya sandipepa ndi vanishi. Samuunjikira malangizo ayi. Amamuonetsa chinthu chimodzi, akachigwira bwino ndiye amawonjezera china. Aphunzitsi ake akale nawonso anajambula zithunzi za ntchito ya tsiku lonse motsatana, n'kukazimata pakhoma la shediyo.

Nanu akondakitala amene mumamusungira mpando wakutsogolo, osamukalipira akapanda kuyankha, Mulungu akudalitseni.

Pano amadzuka yekha, amawerenga yekha chenji, ndipo mwezi watha anagulira agogo ake shuga ndi ndalama za thukuta lake. Ine ndabwerera ku geni yanga ya tomato, ndipo tayamba kufunsira za maphunziro a TEVETA kuti adzakhale ndi pepala la luso lakeli.