Kumulanda mpira woponya: sabata imodzi pa benchi

Lolemba m'mawa ntchito yanga imayambira papepala. Ndimaphunzitsa oponya mpira pa timu ya baseball ya koleji ina yaing'ono kuno ku America, ndipo papepalapo pali mayina 14. Pambali pa dzina lililonse ndimalemba kuchuluka kwa mipira imene mnyamatayo waponya m'masiku 7 apitawa, tsiku limene anaponya komaliza, ndi zimene wanena yekha za mkono wake atadzuka. Oonerera amaganiza kuti nkhani yochotsa woponya imagamulidwa pamene bwana wa timu wadzuka pa benchi n'kumalowera pakati pa bwalo. Mbali yaikulu imakhala itagamulidwa kale ndi pepala la Lolembali.

Kwa inu amene masewerowa simunawaonerepo, ali ndi zigawo 9 zotchedwa ma inning. Woponya amaima pakachulu, mamita 18 ndi pang'ono kuchokera kwa womenya, ndipo akatulutsa omenya atatu mbali yake ya inning yatha. Timu iliyonse ili ndi omenya 9 amene amabwera motsatizana, akatha n'kuyambiranso kwa woyamba. Woponya amene wayamba masewero ndiye timamudalira kuti atifikitse kutali. Anzake amadikira ku bullpen, kampanda ka kumapeto kwa bwalo komwe amatenthetsera mikono. Amene watuluka m'masewero sabwereranso. Ife a ku koleji timasewera kamodzi pakati pa sabata, kenako katatu ndi timu imodzi kuyambira Lachisanu mpaka Lamulungu. Masewero anayi ndi ma out 108, ndiye kuti omenya 108 oti atulutsidwe, ndipo onsewo ayenera kuchokera m'mikono ili papepala langa.

Sabata imene ndikunenayi mikonoyo inatsala 13 ndisanamwe n'komwe tiyi. Mayi amene amayang'anira za thanzi la osewera anandiuza kuti mmodzi wa ku bullpen akudandaula phewa, apume sabata yathunthu. Ndinadula mzere pa dzina lake.

Lachiwiri tinakasewera kwa eni ake, ulendo wa maola awiri pa basi. Tinakonza zoti anyamata asanu agawane ntchito, ndipo wotseka wathu, mnyamata amene timamusungira mapeto a masewero, aponye inning imodzi basi. Masewero anakana kutha, anafika inning ya 11. Wotsekayo anaponya mipira 41 m'malo mwa 15 imene ndinamuikira. Tinapambana, anyamata anaimba m'basi njira yonse, ine ndikuwerengera masiku. Kupuma Lachitatu ndi Lachinayi, ndiye kuti Lachisanu adzakhalapo, koma osati ndi mphamvu zake zonse.

Masiku awiri amenewo ndinakhala pakompyuta, kuonera mavidiyo a timu imene imabwera. Chimene ndimafufuza kwambiri ndi mmene omenya awo amachitira akakumana ndi woponya kachitatu m'masewero amodzi. Koyamba womenya amakhala ngati mlendo m'mudzi, akufunsa njira. Kachiwiri wadziwa kumene kuli chitsime. Pofika kachitatu waona fastball yako, mpira wako waliwiro, waona mmene slider, mpira wokhota, imathyokera, wadziwa kuti ukapanikizika umathawira ku mpira uti, ndipo iwe mkono wayamba kulemera. Akatswiri owerengera manambala a masewerowa anaonetsa kalekale kuti oponya ambiri amamenyedwa kwambiri paulendo wachitatuwu, ngakhale amene anayamba bwino.

Nkhaniyi ikabuka mu ofesi ya bwana wathu, mayina awiri salephera kutuluka. Pa 27 Okutobala 2020, m'masewero achisanu ndi chimodzi a World Series, mpikisano wolimbirana chikho cha ligi yaikulu kuno ku America, Blake Snell wa Tampa Bay Rays anali ataponya mipira 73 yokha, ali ndi ma strikeout 9, omenya otuluka chifukwa cholephera kumenya mpira, timu yake ikutsogola 1-0 mu inning ya 6. Bwana wa timuyo, Kevin Cash, anamuchotsa pamene Mookie Betts wa Los Angeles Dodgers amabwera kachitatu. Analowa Nick Anderson, Betts anamenya double, mpira womufikitsa pa base yachiwiri mwa ma base anayi amene womenya amazungulira kuti agoletse, Los Angeles Dodgers anapambana 3-1 n'kutenga chikho. Winayo ndi Grady Little, amene ali bwana wa Boston Red Sox mu 2003 anamusiya woponya Pedro Martínez pakachulu mu inning ya 8 ku Yankee Stadium. Inning imeneyo inayamba akutsogola 5-2. New York Yankees anabweza zonse, anapambana mu inning ya 11 ndi home run ya Aaron Boone, mpira womenyedwa mpaka kulumpha mpanda, ndipo Little ntchito inamuthera pomwepo. Anthu amati wina anafulumira, wina anachedwa. Ine ndimati poweruza awiriwa timayang'anitsitsa amene ali pakachulu n'kuiwala amene ali ku bullpen. Anderson anali atapereka ma run, zigoli za masewerowa, m'masewero angapo otsatizana mwezi umenewo, mkono unali utatopa. Little anali ndi Mike Timlin ndi Alan Embree amene ankaponya bwino kwambiri Okutobala ameneyo. Woponya wotopa sumuyeza ndi mmene analili mu inning yoyamba. Umamuyeza ndi munthu weniweni amene ungamuitane lero, ndi mkono umene munthuyo wadzuka nawo.

Lachisanu kunazizira, mphepo ikuwomba kuchokera kumanzere kwa bwalo. Woyamba wathu wa Lachisanu ndiye nsanamira ya timu, mnyamata wa chaka chomaliza, wosalankhula kwambiri. Ma inning asanu oyamba anadutsa ngati madzi. Makina oyeza liwiro ankaonetsa mamailosi 91 kapena 92 pa ola, slider ikugwera kunja kwa mbale, pamene pamaima womenya, mmene timafunira. Tinatsogola 2-1.

Mu inning ya 6 anatulutsa onse atatu, koma sindinakondwe. Awiri mwa iwo anamenya mipira yolimba imene inangolunjika kwa otchinga athu. Foul imodzi, mpira womenyedwa kunja kwa mizere ya bwalo, inabwerera kumbuyo ndendende, pamwamba pa mutu wa woweruza, chizindikiro chakuti womenya wapeza nthawi yake ndipo wangophonya ndi kachala. Atabwera ku benchi ndinamusiya amwe madzi, n'kupita kwa wowakha mpira, wokhala kumbuyo kwa womenya, amene amaona zimene ine sindingaone ndili pambali.

"Ukuona bwanji?"

"Akochi, liwiro lilipo, koma slider yasiya kuthyoka. Ikungobwera yogona."

Apa ndi pamene makina amatha kukunamiza. Liwiro limachedwa kugwa. Chimene chimayamba kutha ndi miyendo. Miyendo ikatha chigongono chimatsika pang'ono, dzanja limamasula mpira msanga, fastball imayamba kukwera m'mwamba, mpira wothyoka umaphwa. Woponya wathu anali pa mipira 84. Nambala imeneyo payokha siyoopsa kwa munthu amene takhala tikumukweza pang'onopang'ono kuyambira mu February. Koma mu inning ya 4 anaponya mipira 27 othamanga ali pa ma base, ndipo mipira yoponyedwa mtima uli m'mwamba imadya mkono kuposa yoponyedwa bwalo lili mbee.

Ndinauza bwana kuti, "Bwana, ayambe inning ya 7, koma wina akangofika pa base tichotse. Akubwera ndi apamwamba awo, kachitatu, ndipo awiri otsatizana ndi amanzere." Anagwedeza mutu. Wotseka sindinamutchule. Kumulowetsa mu 7 kukanatanthauza ma out 8 kapena 9 kwa munthu amene anaponya 41 Lachiwiri, ndiyeno kumusowa Loweruka ndi Lamulungu. Amene anali watsopano ndi wamanzere wathu, woyenerana ndi omenya amanzere aja, amene sanaponye kuyambira sabata yatha.

Womenya woyamba anatuluka pa mpira wachiwiri. Wotsatira anapatsidwa base yaulere, mipira inayi yonse m'mwamba. Bwana anadzuka. Ndinaona mnyamatayo akuyang'ana pansi, akupukuta mpira ndi manja onse awiri monga amachitira akakwiya. Wowakha anandiuza pambuyo pake zimene analankhulana.

"Bwana, ndisiyeni ndimalize uyu yekha."

"Wagwira ntchito, mwanawe. Bweretsa mpira."

Palibe woponya weniweni amene amavomera kuti watopa, ndipo amene angavomere msanga sindingamufune pa Lachisanu. N'chifukwa chake sitimufunsa kuti atigamulire. Mu 2015 Terry Collins, bwana wa New York Mets, anamvera pempho la woponya wake Matt Harvey n'kumulola kulowa inning ya 9 akutsogola 2-0, ndipo usiku womwewo Kansas City Royals anatenga chikho.

Wamanzere wathu anatulutsa woyamba. Wachiwiri anamenya double kumpanda, 2-2. Tinagonja 3-2 mu inning ya 9.

Usiku ndinaonera vidiyo kawiri. Chigongono chinali chitatsikadi, ndipo kumuchotsa ndikanachitanso. Cholakwika chinali china, ndipo chinali changa. Ndinachedwa kuimba foni ku bullpen. Ndinayenera kumudzutsa wamanzereyo pamene wowakha anandiuza za slider, koma ndinadikira mpaka inning itayamba, poopa kumutenthetsa pachabe, pakuti kudzutsa munthu, kumukhazika pansi, n'kumudzutsanso kumamutopetsa ngati waponya m'masewero. Kunja kunali kozizira, ndipo analowa mkono usanamasuke. Mpira umene unamenyedwa double unali wothyoka umene sanauponye mokwanira ku bullpen. Loweruka m'mawa ndinamuitana wamanzereyo ndi kumuuza zimenezi, kuti asasenze katundu amene si wake.

Loweruka zinatembenuka. Woyamba wathu anapereka ma run anayi mu inning yachiwiri, makolo ena kumbuyo kwa benchi akufuula kuti achotsedwe. Bwana anandiyang'ana. Ndinati ayi. Pa ma hit asanu amene anapereka, mipira yomenyedwa yofikitsa womenya pa base, atatu anali timipira tofooka togwera pakati pa otchinga, ndipo mmodzi wa otchingawo anagwetsa mpira woti akanawakha. Mkono unali bwino, mipira ikupita kumene wowakha waika gulovu. Komanso kumuchotsa pamenepo kukanasiyira bullpen ma inning 7, mawa lake kuli masewero ena. Ndinapita pakachulu, ndinamuuza kuti apume mpweya, aponye changeup, mpira wochedwerapo, yambiri chifukwa akumuthamangira fastball. Anafika inning ya 7 osaperekanso kanthu. Tinapambana 6-4, wotseka anamaliza ndi mipira 12.

Lamulungu linali la mnyamata wa chaka choyamba, wazaka 18, wamtali, amene mkono wake aliyense pasukulupo amaukamba. Ma inning anayi palibe amene anamumenya hit. Benchi inali chete, chifukwa pa baseball zoterezi zikamachitika palibe amene amazitchula. Mu inning ya 5, ataponya slider, anatambasula zala n'kugwedeza dzanja kawiri, ngati munthu amene wakhudza mphika wotentha. Mpira wotsatira unatsika ndi mamailosi anayi. Sindinadikire wachitatu. Ndinauza bwana, tinapita tonse pamodzi ndi mayi wa zathanzi uja.

"Akochi, palibe kanthu, changothina pang'ono."

"Pati?"

Analoza mkati mwa chigongono. Pamenepo pali mtsempha waung'ono umene umagwira mafupa awiri pamene mkono ukukwapula, ndipo ukaduka njira yake ndi opaleshoni imene Dr. Frank Jobe anayamba kuchita mu 1974 pa Tommy John, woponya wa Dodgers. Amatenga mtsempha pena m'thupi n'kuusokerera pamenepo. John anabwerera mu 1976 ndipo anaponya mpaka 1989, koma kuchira kwake kumadya chaka kapena kupitirira, ndipo si onse amabwerera mmene analili. Mu April 2022 Dave Roberts, bwana wa Dodgers, anamuchotsa woponya wake Clayton Kershaw ataponya ma inning 7 popanda womenya ndi mmodzi yemwe kufika pa base, ali pa mipira 80, pofuna kuteteza mkono umene unamuvuta chaka cham'mbuyo. Ngati anatero ndi munthu amene anali pafupi kulowa m'mbiri, ine sindikanasiya mwana wa eni ake pakachulu chifukwa cha ma inning anayi a Lamulungu. Apa sindinafunsenso kuti ku bullpen kuli ndani. Analowa amene analipo.

Mnyamatayo anakhala kumapeto kwa benchi, ayezi atamangidwa pachigongono, thaulo kumutu. Masewero atatha bambo ake anandidikira pageti. Sanafunse za zigoli. Anangoti, "Aphunzitsi, munaona chiyani?" Ndinawauza za zala zija ndi mamailosi anayi aja, ndi kuti adzamujambula chigongono Lachiwiri m'mawa. Anandigwira chanza nthawi yaitali osanena kanthu.

Ndinabwerera ku ofesi kukalemba pepala la sabata yotsatira. Wa phewa uja abwerera Lachinayi ngati mayi wa zathanzi avomera. Pa Lamulungu ndasiya mpata wopanda dzina.