Zomwe ndaphunzira poyendetsa DJGPP pa Windows 3.1

Mutu wa memory unkandivuta mpaka nditayesa DJGPP pa Windows 3.1 mkati mwa emulator, pulogalamu yoyerekezera kompyuta ina. DJGPP ndi ntchito imene DJ Delorie anaiyamba mu 1989 pofuna kuti compiler ya GCC (pulogalamu yomasulira zolemba za wopanga mapulogalamu kuti kompyuta izithe kuziyendetsa) izigwira pa DOS, dongosolo lakale loyendetsera kompyuta. Koma DOS imapatsa pulogalamu malo osapitirira 640 KB, pomwe GCC ndi ya 32-bit ndipo imadya memory yambiri. Kuti pulogalamu ifike pamwamba pa 1 MB, purosesa iyenera kulowa mu protected mode, kagwiridwe kake kamene kamatsegula memory yambiri ndi kuiteteza, ndipo nkhani yonse yagona pa yemwe akuiwongolera ikalowamo.

Windows 3.0 ya mu 1990 inkayamba m'njira zitatu: real mode, standard mode ya makina a 286, ndi 386 enhanced mode. Windows 3.1 itatuluka mu 1992, real mode anaichotsa.

Enhanced mode ndi imene ndakhalapo nthawi yaitali. Mmenemo Windows imakhala pa ring 0, mulingo wapamwamba wa purosesa pomwe pali ulamuliro wonse, ndipo pulogalamu iliyonse ya DOS imapatsidwa makina akeake ongoyerekezera a virtual 8086. Njira yakale yolowera mu protected mode yotchedwa VCPI, ya makampani a Phar Lap ndi Quarterdeck, inkakwezanso pulogalamu pa ring 0 pomwepo. Windows sikanavomera zimenezo, monga mwini nyumba sangapatse mlendo makiyi a zipinda zonse. N'chifukwa chake kunabwera njira ina yotchedwa DPMI, momwe pulogalamu imatsikira pa ring 3, pomwe ulamuliro ndi wochepa, n'kumachita kupempha memory kudzera pa chizindikiro chotchedwa interrupt 31h. Ine ndikuona kuti anaganiza bwino, chifukwa pulogalamu imodzi ikalakwitsa sigwetsa zinzake mosavuta.

DJGPP version 2 ya mu 1996 imadalira DPMI basi. Pa DOS yokha imadzutsa CWSDPMI, pulogalamu ya Charles Sandmann yoyankha mapempho a DPMI, koma mu enhanced mode Windows ndi imene imayankha, CWSDPMI sidzuka n'komwe. Apa ndi pamene ndinamvetsa chifukwa chake compiler yomweyo, pa kompyuta yomweyo, ingamalize ntchito pa DOS koma pa Windows n'kuima ndi uthenga wakuti "virtual memory exhausted". Malire akuika ndi Windows, malinga ndi memory imene yatsala ndi kukula kwa swap file yake, 386SPART.PAR, fayilo ya pa disk imene imagwira ntchito ngati memory yowonjezera.

Tsopano ndisanayambe compile ndimayendetsa kaye go32-v2, kapulogalamu kobwera ndi DJGPP, popanda kulemba china chilichonse, ndipo imandionetsa kuchuluka kwa DPMI memory ndi swap imene ndapatsidwa.