Lachitatu, mtunda wakana kutuluka

Mphepo ya kuno ku Cape Town yandidzutsa isanakwane 5 koloko, ikugwedeza zenera ngati munthu wodzatenga ngongole yake. Tulo tinathera pomwepo, ndiye ndangomwa tiyi n'kulawirira ku ofesi. Ndapeza kompyuta itamaliza ntchito imene ndinaisiyira dzulo madzulo, ndipo zimene yatulutsa sizinandisangalatse.

Mwezi wonse uno ndikulimbana ndi funso limodzi: chotsalira china cha nyenyezi imene inaphulika kalekale chili kutali bwanji ndi ife? Muofesi timangoti SNR, chidule cha dzina lake la Chingerezi, supernova remnant. Nyenyezi yaikulu ikatha mafuta imaphulika, zamkati mwake n'kumwazikira mbali zonse pa liwiro la makilomita masauzande pa sekondi, ndipo chimatsala ndi chimkombero cha mpweya wotentha chomwe chimapitiriza kukula kwa zaka masauzande ambiri. Pa chithunzi cha telesikopu ya wailesi chimaoneka ngati nkhata.

Ine ndikachiona ndimakumbuka kwathu ku Dedza mwezi wa October, osaka mbewa akatentha tchire. Usiku umaona mkombero wa moto kuphiri, wofiira, ukukula pang'onopang'ono. Koma mumdima umenewo sungadziwe ngati ndi kamoto kakang'ono pa kaphiri kapafupi, kapena chimoto chachikulu kutsidya kwenikweni. Vuto lathu ndi lomwelo. Dave Green wa ku Cambridge wakhala akusunga mndandanda wa zotsalira zimenezi mu Mlalang'amba wathu, gulu lalikulu la nyenyezi limene dzuwa lathu lilimo, kwa zaka zambiri, ndipo panopa zilipo pafupifupi 300. Chilichonse chili ndi dzina la manambala, monga G184.6-5.8. Manambalawo amangokuuza koloza chala. Za mtunda sanenapo kanthu. Ndipo popanda mtunda sudziwa kukula kwake, msinkhu wake, ngakhale mphamvu ya kuphulikako.

G184.6-5.8 ameneyu ndi Crab Nebula, ndipo iye ndi mmodzi wa osavutitsa. Akatswiri a nyenyezi a ku China analemba kuti m'chaka cha 1054 kunabwera nyenyezi yachilendo imene inkaoneka ngakhale masana kwa masiku 23. Lero tikayika pamodzi zithunzi zojambulidwa zaka makumi angapo motalikirana, timaona mmene mtambowo wakulira pathambo. Kuwala kwake kumatiuzanso liwiro lenileni la mpweyawo, makilomita pafupifupi 1,500 pa sekondi. Ukadziwa liwiro la moto, n'kuona kuti mkombero wakula pang'ono chonchi m'maso mwako, masamu a ku sekondale akukwanira kukuuza kumene uli. Yankho limatuluka loti kuwala kwake kumayenda zaka pafupifupi 6,500 kuti kutipeze. Cassiopeia A, chotsalira china, anamuyezanso mwa njira yofananayo, zaka pafupifupi 11,000. Vela ndiye wapakhomo. Pakati pake panatsala pulsar, phata la nyenyezi yakufayo lozungulira maulendo 11 pa sekondi, ndipo ali pafupi moti amaoneka kusuntha pang'ono dziko likamazungulira dzuwa, monga chala chimasunthira ukatsinzina diso ili kenako linalo. Mtunda wake sufika n'komwe zaka 1,000 za kuwala.

Changachi chilibe zabwino zonsezi. Palibe amene anachiona chikuphulika, mulibe pulsar wodziwika, ndipo kukula kwake sikuoneka. Chimene ndili nacho ndi hydrogen.

Pakati pa nyenyezi pali mitambo yozizira ya mpweya wa hydrogen, ndipo imameza mafunde a wailesi a masentimita 21. Chotsalira chowala chikakhala kuseri kwa mtambo wotere, mtambowo umadya pang'ono kuwala kwake, ndipo pa graph pamaoneka kadzenje. Mlalang'amba ukuzungulira, choncho mtambo uliwonse uli ndi liwiro lake malinga ndi pamene uli, ndipo kadzenje kalikonse kamagwera pa liwiro la mtambo wake. Umawerenga timaenje timeneti kuyambira apafupi mpaka pamene tathera. Pamene tatherapo ndi pamene pali mtambo womaliza wotchinga, ndiye chotsaliracho chili kuseri kwake.

Pamapepala zimamveka bwino. Koma ukaloza chamkati mwa Mlalang'amba, liwiro limodzi limakupatsa mitunda iwiri, wina wapafupi, wina wakutali, chifukwa mzere umene ukuyang'anawo umadula njira ya mtambowo malo awiri. Chothetsa mlandu ndi malo apakati pa awiriwo, amene timawatcha tangent point, pamene liwiro limafika pachimake. Timaenje tikafika mpaka pamenepo, chinthucho chili kutsidya. Tikathera panjira, chili tsidya lino.

M'mawa uno pa graph yanga pali kadzenje pafupi ndi tangent point. Kakang'ono zedi, kozama mofanana ndi phokoso la chipangizocho. Ndakayang'ana ola lathunthu, kukulitsa, kuchepetsa, kusintha malo otengera kuwala kwa pambali. Ndikatengera kumanzere kwa nkhata kalipo. Ndikatengera kumanja kasowa.

Cha m'ma 11 koloko ndapita nazo kwa aphunzitsi amene akundiyang'anira. Ayang'ana mwakachetechete, n'kundifunsa kuti ineyo ndikufuna kakhalepo kapena ayi. Ndavomera kuti ndikufuna kakhalepo, chifukwa chinthucho chikakhala kutali ndiye kuti ndi chachikulu, ndipo nkhani yake ikoma kulemba. Aseka, n'kunena kuti ndiye chifukwa chake ndisakakhulupirire msanga. Zandiwawa pang'ono koma sananame.

Pa nkhomaliro mnzanga wina wati bwanji osangogwiritsa ntchito Sigma-D, ntchito ithe. Njira imeneyi imati chotsalira chikamakula chimazilala, choncho kuwala kwa nkhope yake kungakuuze kukula kwake kwenikweni, ndipo kukulako kukupatsa mtunda. Ine njira imeneyi sindiikonda. Aliyense amene anaonapo moto wa tchire akudziwa kuti pa udzu wothithikana umalilima, pa udzu wapatalipatali umangonyeka, ngakhale unayatsidwa nthawi imodzi. Nyenyezi yophulikira m'mpweya wochindikala siingafanane ndi yophulikira pamalo opanda kanthu. Green mwini wake wakhala akuchenjeza za njirayi kwa nthawi yaitali. Komabe zotsalira zambiri mtunda wake umene umalembedwa ndi wochokera kumeneko, poti palibe china chogwira.

Masana ndawathera pa mutu wachiwiri wa pepala langa, wonena za mmene zotsalirazi zafalikira. Pafupifupi zonse zili m'kamzere kopyapyala kotsatira Mlalang'amba, ndipo zachuluka chakumbali ya pakati pake. Izi n'zomveka, nyenyezi zikuluzikulu zimabadwira ndi kufera m'menemo. Chovuta ndi chiwerengero. Akatswiri amati mu Mlalang'amba ngati wathu mumaphulika nyenyezi ziwiri kapena kuzungulira pamenepo pa zaka 100 zilizonse, ndipo chotsalira chimaoneka kwa zaka masauzande makumi angapo. Ukachulukitsa, ziyenera kupitirira 1,000. Ife tili ndi 300. Zinazo zilipo, kungoti zakale n'zozilala moti zimasowa m'kuwala kwa Mlalang'amba womwewo, ndipo zakutali n'zazing'ono moti zimasokonezeka ndi mitambo imene mukubadwira nyenyezi. Ndiye ukajambula mapu a zimene tikuzidziwa, mbali yathu ino imadzaza, tsidya linalo n'kukhala mbee, ngati kumeneko nyenyezi sizifa.

Chitsanzo chimene ndimachikonda ndi G1.9+0.3. Kuyambira pa nyenyezi imene katswiri wa nyenyezi Kepler anaiona mu 1604, palibe munthu amene waonanso ndi maso nyenyezi ikuphulika mu Mlalang'amba wathu. Koma mu 2008 zinadziwika kuti G1.9+0.3, amene ali chapafupi ndi pakati pa Mlalang'amba, ndi wamng'ono kwambiri, kuwala kwa kuphulika kwake kunafika kuno zaka zosapitirira 150 zapitazo. Agogo a agogo athu anali moyo, thambo linali loyera kuposa lero, koma fumbi la pakati pa nyenyezi linatchinga zonse. Mafunde a wailesi ndi amene amadutsa fumbilo. N'chifukwa chake mbale 64 za telesikopu ya wailesi ya MeerKAT, uko ku Karoo pafupi ndi Carnarvon, zikutulutsa timikombero tambiri tatsopano kuyambira pamene anaitsegulira mu 2018. Katsopano kalikonse kakubwera ndi funso lomwe lija la mtunda.

Madzulo amayi aimba pa WhatsApp. Atatha kundiuza za chimanga ndi za feteleza amene wakwera mtengo, afunsa kuti sukulu ikuyenda bwanji. Ndati ndikuyeza kutalika kwa nyenyezi yakufa.

"Yakufa? Nanga ukuiyezeranji poti inafa kale?"

Ndawauza za moto wa kuphiri uja, kuti usiku sudziwa ngati uli pafupi kapena kutali.

"Iwe, ife timadziwa," atero. "Umamvera fungo la utsi. Ukapanda kulimva, gona, uli kutali umenewo."

"Kumene ndikuyang'ana ineko utsi sufika, amayi."

"Ndiye dikira kuche, ukaone pamene papsa."

Ndaseka mpaka mnzanga wa chipinda chinacho wagogoda khoma. Nditadula foni ndatsegulanso laputopu, n'kulemba mitunda yonse iwiri m'tebulo, wapafupi ndi wakutali, uliwonse ndi chizindikiro chofunsa. Mawa ndiyesa graph ya kadontho kena kowala kamene kali pambali pa nkhata yanga, mlalang'amba wina wakutali kwambiri umene kuwala kwake kwadutsa mitambo yonse ya panjira. Ngati pa iko kadzenje ka pa tangent point kali kozama bwino, pamene pa changa kakungonyengerera, ndifufuta wakutaliwo. Mphepo ija sinaleke, ndapinda pepala n'kulipanikiza pazenera.