Loweruka ku Mchinji: kwawo n'kuti?

Ndinalawirira kukachingamira amalume pa Mwami. Amakhala ku Chipata, koma munda wa agogo uli tsidya lino, ndiye mvula ikamayandikira sangalephere kubwera. Anatsika ndi thumba la mtedza, chipewa chili chomwe chija cha masiku onse.

Mu minibasi yopita pa boma, bambo wina amene anafungatira nkhuku anayambitsa za ndale. Akuti iye savotera munthu asanadziwe kwawo. "Wakwathu akadya, ifenso tinyambitako." Kondakitala anavomereza kwinaku akuwerenga chenji.

Amalume anangoseka chamumtima mpaka titatsika. Tili pa njinga za kabaza ndi pamene anandikuwira kuti, "Mphwanga, funso limenelo ife linatichititsa manyazi!"

Nkhani anaimalizira pakhonde. Kenneth Kaunda analamulira Zambia zaka 27, kuyambira 1964 mpaka 1991. Atafuna kuimanso mu 1996, boma la Frederick Chiluba linasintha malamulo kuti wopikisana pa upulezidenti akhale woti makolo ake onse awiri ndi mbadwa za Zambia. Makolo a Kaunda anachokera kuno ku Nyasaland, bambo ake anapita ku Lubwa kukagwira ntchito ya mishoni. Basi, munthu amene anatsogolera dziko pa ufulu anasanduka mlendo.

Chimene chinandiseketsa n'chakuti msampha womwewo unadzakola mzungu. Pulezidenti Michael Sata atamwalira mu Okutobala 2014, wachiwiri wake Guy Scott anagwirizira mpando pafupifupi miyezi itatu. Scott anabadwira ku Livingstone, koma makolo ake anachokera ku Britain, ndiye za kuima pa chisankho cha mu Januwale 2015 panalibe. Amalume akuti anthu akunja ankangodabwa ndi khungu lake, pamene a Zambia ankakangana za kumene anabadwira bambo ake.

Ndinafuna kuwaseka a Zambiawo, koma ndisekere pati? Ife mu 1994 tinagawana dziko ngati nyama ya pa Khirisimasi: Muluzi kummwera, Kamuzu pakati, Chihana kumpoto. Lamulo la 50+1, loti wopambana pa upulezidenti apeze mavoti opitirira theka, limene linayamba kugwira ntchito mu 2020, lachititsa kuti zipani zizifunafuna mavoti kunja kwa chigawo chawo, komabe muone mmene amasankhira wachiwiri: amayamba ayang'ana mapu. Inenso ndisaname, dzina la munthu likatchulidwa pa wailesi, mutu wanga umathamangira kuti Mlomwe, Myao kapena Mtumbuka, mfundo zake ndisanamve n'komwe.

Madzulo tikudya nsima ya nkhwani wotendera, mwana wanga wamng'ono anawayang'anitsitsa amalume n'kufunsa, "Agogo, inu ndinu a ku Malawi kapena a ku Zambia?"

Anatema mbamu, n'kuyankha asanameze bwino: "Ine ndine Mchewa, mfumu yanga ndi Gawa Undi. Tandipatsira mcherewo."