Lipoti la ulendo wa ku Mauritius: chinkhwe chomwe chinatsala mafupa okha

Anzanga a m'gulu lathu lokonda mbalame, inu amene munatsala, nazi zomwe tinakaona.

Ku Mauritius aliyense amakamba za dodo, mbalame yosauluka yomwe inatha kalekale. Ili pa chizindikiro cha dziko, pa malaya, ngakhale pa makapu a tiyi, ndipo mafupa ake tinawaona kunyumba yosungirako zinthu zakale ku Port Louis. Koma yomwe inandigwira mtima ine ndi mbalame ina imene alendo sayitchula n'komwe: chinkhwe cha mlomo waukulu, Lophopsittacus mauritianus.

Otilandira anatitengera kudambo la Mare aux Songes, kufupi ndi bwalo la ndege. Poyang'ana ndi dambo wamba. Apa mpamene mphunzitsi George Clark anafukula mafupa a dodo mu 1865, ndipo m'matope omwewo munatuluka chibwano cha chinkhwe. Chibwano chokhacho n'chimene wasayansi Richard Owen anagwiritsa ntchito ku England mu 1866 polengeza kuti kunali mbalame yotere. Otilandirawo anatipatsira chithunzi cha chinkhwechi chomwe chinajambulidwa m'buku la ulendo wa sitima ya Achidatchi ya Gelderland mu 1601: chimutu chachikulu, nthenga zotukuka pamphumi, mlomo woti n'kuswa nthangala zolimba. Achidatchi ankachitcha khwangwala wa ku India. Iwowa anafika pachilumbachi mu 1598, ndipo womaliza kulemba kuti wachiona chamoyo anali Johann Christian Hoffman m'zaka za m'ma 1670. Zaka zosakwana 80 basi, chinkhwecho osaonekanso! Nkhalango zinadulidwa, mwina anthu anachisakanso, makoswe ndi anyani obwera ndi sitima zapamadzi n'kumadya mazira. Zinandiwawa kuti padambopo ambiri amangofunsa za dodo.

Ku nkhalango yotetezedwa ya Black River Gorges mitima inakhalako pansi. Kuli chinkhwe chobiriwira chotchedwa echo parakeet, chokhacho mwa zinkhwe za pachilumbachi chomwe chinapulumuka. M'zaka za m'ma 1980 zinatsala zosakwana 20, lero zilipo mazanamazana. A Mauritian Wildlife Foundation amazikhomera mabokosi oikiramo mazira m'mitengo, kuzipatsa chakudya choonjezera, komanso kutchinga zisa kuti makoswe asafikeko. Ndi ntchito yokwera mitengo tsiku ndi tsiku, yopanda ulemerero, ndipo achinyamata amene amaigwira ndinawapatsa ulemu.

Tabwera ndi zithunzi za mabokosiwo. Ndikupempha komiti itipatse mpata pamsonkhano ukubwerawu tizionetse, makamaka kwa aphunzitsi amene amayendetsa makalabu a zachilengedwe m'sukulu.