Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Tsiku lomwe bezi inandichititsa manyazi mu minibasi

Gawo lathali ndinalekezera pomwe ndinagula kompyuta yakale ija kwa msuweni wanga n'kuikamo FL Studio, pulogalamu yopangira nyimbo. Situdiyo yake inali chipinda changa chogona ku Ndirande, m'makoma ndinamata matireyi a mazira poganiza kuti ndiye ukatswiri umenewo (sathandiza kwenikweni amene aja, musadzivute), masipika anali tiwiri tating'ono ta pakompyuta tija.

Kasitomala wanga woyamba anali mnyamata wina wa m'dera momwemo, ankaimba zachikondi. Nyimbo imodzi ndinaikhalira masiku anayi. Vuto linali loti timasipika tanga sitinkatulutsa bezi (mawu otsika ogunda aja) ndiye ine ndimangokweza 808 (ng'oma ya bezi ya m'nyimbomo), kukweza, kukwezanso mpaka ndiimve. Nditamaliza ndinati basi, apa tauni yonse igwedezeka.

Mnyamata uja anapereka fulashi kwa mnzake kondakitala wa minibasi yopita ku Limbe, ife tinakhala mpando wakumbuyo, kunsi kwake ndi komwe kunali chibokosi cha sabu, sipika yaikulu yotulutsa bezi. Aise! Itangoyamba galimoto yonse njenjenje, magalasi kulira, woimba osamveka olo pang'ono ngati akuimbira mumgolo. Mayi wina atafungatira dengu la tomato anangoti, "Akondakitala tazimitsani chiphokosocho, mutu ukundiwawa." Ine ziii, maso panja ngati sizikundikhudza. Kufika kunyumba kuiseweretsa pa foni ya Itel, bezi yomwe ija kulibe, kwangotsala mawu ndi timahayihati (tizitsulo tolira tsi-tsi tija) tokha.

Amene anandimasula ndi mdala wina yemwe ankayendetsa zokuzira mawu kutchalitchi kwathu. Anati kasipika ka foni sikangathe kutulutsa mawu otsika ngati 50 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu) pomwe panakhala bezi yanga, pomwe sabu ya mu minibasi chakudya chake ndi chimenecho. Ndiye mmalo mokweza uitsitse, kenako uithire distortion (kuipangitsa kumveka mokhakhala) pang'ono kuti ibereke timawu tapamwamba, pa 200 Hz kumka mmwamba, khutu likangomva timeneti limadzaziramo lokha bezi ija. Anandionetsanso zomvera mu mono, kutanthauza kuphatikiza mawu onse ngati akutuluka mu sipika imodzi, poti mawayilesi ang'onoang'ono ambiri ndi a sipika imodzi, ndipo piano yanga yomwe ndinaitambasula mbali zonse inangozilala nditadina kabatani ka mono, ndinachita kutsegula pakamwa. Mawu awo ndimawakumbukirabe: "Mwana wanga tsitsa voliyumu mpaka tizitha kucheza, woimba akamamvekabe ndiye kuti uli bwino."

Kuyambira pamenepo nyimbo iliyonse inkayamba yayenda ulendo isanatuluke, pa foni, pa wayilesi ya mabatire ya amayi, m'mahedifoni, kenako mu minibasi. Kondakitala uja ndinkamugulira Fanta kuti aiike kawiri, ine ndili kumbuyo ndi kakope kulemba zoti ndikakonze. Ya mnyamata uja ndinaibwereza ka 6, ndalama sanandionjezere olo kobiri.

Gawo lotsatira ndikuuzani mmene hard drive inandifera ili ndi nyimbo za kwaya yonse.