Khoma la ku Area 47 ndi mikeka ya m'mamawa

Lolemba anandiyimbira mwini malo ena odyera ku Area 47, mu Lilongwe, kuti akufuna khoma lake likhale la "chikhalidwe chathu". Nditafika ndinapeza kuti akufuna ndijambule kudambwe, gule akuvala. Ndinawauza kuti, "Bwana, gule wa pabwalo ndingajambule, poti aliyense amamuona. Koma za kudambwe si zoti anthu aziyang'ana akudya tchipisi." Anati nanga si UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inazindikira kale Gule Wamkulu mu 2005, chobisa n'chiyani? Ndinayankha kuti ulemu umenewo sunachotse mwambo, ndipo eni ake akadali moyo. Tinagwirizana zotengera zithunzi za m'mapanga a ku Chongoni.

Lachiwiri ndinakwera minibasi ya ku Dedza kukayang'ananso miyala ya ku Mphunzi, m'dera la Chongoni, chifukwa zithunzi za pa foni zimanama mtundu. Dera la Chongoni lili ndi malo 127 ojambulidwa, ndipo linalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zithunzi zofiira, zija za mizere ndi zozungulira, anasiya Akafula. Zoyera anajambula Achewa ndi dothi loyera, ndipo zambiri n'zokhudza chinamwali ndi Nyau. Zoyerazo ndinazilambalala pa chifukwa chomwe chija, n'kusankha zofiira.

Mutu unandipweteka pa utoto. Kufiira kwa pamwala n'kozilala, kofanana ndi katondo wouma, pomwe penti wa m'sitolo amangonyezimira. Lachitatu lonse linathera kusakaniza red oxide ndi penti woyera wa madzi, kupaka pa katoni, kudikira kuti aume, n'kuyambiranso. Mnyamata wondithandiza anachita kufunsa ngati tidzafike n'komwe pakhoma. Dzuwa la Okutobala nalonso limaumitsa burashi ili m'manja, ndiye timatsika pa makwerero isanakwane 11 koloko, n'kubwereranso madzulo.

Penti ameneyu amagulidwa ndi ndalama za yoga. M'mamawa uliwonse, anthu asanapite ku maofesi, ndimaphunzitsa kagulu pakapinga ka nyumba ina. Wopanda mati ya yoga amabwera ndi mkeka kapena chitenje chopinda pawiri, zimatheka ndithu. Lachinayi kunabwera mayi watsopano, wa mvano, amene anandikokera pambali: "Aphunzitsi, kodi izi si zopembedza milungu ya Amwenye?" Sindibisa kuti yoga inachokera ku India ndipo mizu yake ili m'zipembedzo za kumeneko. Ndinawauza kuti ine ndimaphunzitsa kapumidwe ndi kuwongola thupi, ndipo akaona chowakayikitsa ali ndi ufulu wokhala pansi. Anakhalabe mpaka pomaliza.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti kukhala pansi miyendo itatambasulidwa, msana uli chilili, anthu a mu ofesi kumawatulutsa thukuta pa mphindi imodzi yokha. Amayi athu kumudzi amakhala choncho pamaliro tsiku lathunthu, akuyimba.

Lachisanu khoma linatha. Mwini wake analiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati sindingawonjezerepo mkango kuti azungu azijambulitsapo. Mkangowo ndinakana, koma ndinavomera kulemba pansi pake mawu ochepa, m'Chichewa ndi m'Chingerezi, onena kumene zithunzizi zachokera ndi amene anazijambula poyamba. Andilipira theka, yotsalayo akuti kumapeto kwa mwezi.